Matsitso a ku Nkhata Bay anandinamiza

Nkhaniyi inayambira pa ukwati, pamene mlamu wanga wa ku Karonga anandisisita mimba anthu akuona n'kufunsa kuti, "Alamu, imeneyi ndiye ya miyezi ingati?" Anthu anafa ndi phwete, inenso ndinaseka nawo, koma mumtima munandiwawa. Pofuna kubweza ndinamuuza kuti ndidzafika pakhomo pake pa njinga yakapalasa, kuchokera kwathu ku Chibavi mu Mzuzu mpaka ku Karonga. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 220. Ndinali ndi zaka 46, ntchito yanga ndi yokhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo njinga ndinali nditaisiya kalekale, ndili mnyamata kwathu ku Ntcheu.

Ulendowo ndinayendadi, koma osati mwezi umene ndinalonjeza, ndipo pakati apo panali tsiku lina limene ndikanasiya ana amasiye chifukwa cha nthabwala ya pa ukwati. Ndikulembera makamaka inu amene muli pa mankhwala a BP, kapena mwangodzuka kumene pa mphasa ya malungo, koma mtima ukukuuzani kuti mudakali anyamata.

Ndinagula njinga ya magiya yakaunjika, ndipo bambo wina wokonza njinga pafupi ndi msika anaisintha tcheni, mabuleki ndi matayala. Tsiku la ulendo ndinaliika mu Juni, ndipo ndinali ndi chifukwa. Nthawi imeneyo mvula imakhala itatha, kunyanja sikutentha kwambiri, ndipo mwera umawomba kuchokera kummwera, ndiye wolowera ku Karonga umamukankha kumsana. Ukachedwa mpaka Okutobala, dzuwa la kumeneko limakuwotcha ngati mbatata ya m'phulusa.

Ndinayamba mu Januwale, m'bandakucha ndisanapite ku ntchito. Kuchoka ku Chibavi, kudutsa pa Katoto, kufika ku Luwinga n'kubwerera. Sabata yachiwiri ndinayamba kumva mutu, osati litsipa lapamphumi ayi, koma kulemera cha kunkhongo kuno, makamaka ndikakwera chitunda. Ndinkati ndi kuzizira kwa m'mawa, pajatu Mzuzu ngakhale m'dzinja amakhala ndi kachisanu kake. Mayi a kunyumba ndi amene anandikakamiza kupita ku kiliniki. Makina aja atandifinya mkono anaonetsa 168/104. Anandiuza kuti ndikhale kaye phee, anandiyezanso, ndipo anandiitanitsanso tsiku lina, chifukwa BP saiweruza ndi muyeso umodzi. Sizinasinthe kwenikweni. Malire amene amayambira kunena kuti magazi akuthamanga mopyola ndi 140/90, ine ndinali nditawadumpha kalekale osadziwa.

Ndinkaopa kuwauza adokotala za ku Karonga, poganiza kuti andilanda njinga. Koma safunsa anadya phula, ndinanena. Anandiyang'ana kaye, kenako anati, "Bambo, njinga sindikukuletsani, ndi mankhwalanso imeneyo. Koma zitunda muyambe mwazileka mpaka manambalawa atsike. Ndipo mukadzamva kupweteka pachifuwa, kubanika kosagwirizana ndi mtunda umene mwayenda, mtima kugunda mosokonekera, kapena dzanzi mbali imodzi ya thupi, musadzati ndimalize kaye. Mudzatsike, mudzabwere kuno."

Anandiuzanso chinthu chimene sindinkachidziwa. Munthu ukamalimbana ndi chitunda pa giya yolimba, umagwira mpweya n'kuluma mano kuti utsike ndi mphamvu pa pedulo, ndipo nthawi imeneyo BP imakwera kwambiri. Magiya opepuka aja, amene ndinkawaona ngati a ana asukulu, ndiwo anali anga. Miyendo izizungulira msanga, mpweya uzituluka osatsekereza.

Mankhwala amene anandiyambitsa anali hydrochlorothiazide, kapiritsi kamodzi m'mawa. Anthu amangoti mankhwala okodzetsa, ndipo dzinalo silinama. Amachotsa mchere ndi madzi m'thupi kudzera mu mkodzo. Masabata oyamba ndinadziwa tchire lililonse la pakati pa Luwinga ndi Dunduzu. Kunyumba mchere wa patebulo unachotsedwa, tchipisi cha pachiwaya chimene ndinkadya masana aliwonse ndinachisiya. Akuti munthu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, kumene kuli ngati kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza ndi wa m'ndiwo momwe. Ine kasupuni kameneko ndinkakathera pa mbale imodzi ya kanyenya.

Ndinagulanso kakope ka ana a sukulu. Tsiku lililonse ndinkalembamo mtunda umene ndayenda, nthawi imene ndatenga, mmene ndikumvera, ndi manambala a BP ndikayezetsa. Kakope kameneka kanadzandithandiza kuposa chinthu china chilichonse chimene ndinagula, chifukwa mutu wa munthu umakumbukira tsiku limene unayenda bwino lokha.

Pofika mu Malichi manambala anali atatsika, ndipo ndinaloledwa kufika ku Ekwendeni, makilomita pafupifupi 20 kuchokera m'tauni. Apa ndi pamene bondo lakumanja linayamba kulira. Amene anandichiza si adokotala koma mnyamata wa Sacramento amene amakhala kuseri kwa nyumba yathu. Kwa amene simudziwa Mzuzu, kabaza wa njinga kuno timamutcha Sacramento. Anandiona ndikutsika pa njinga motsimphina, anaigwira n'kupukusa mutu.

"Madala, chishalochi mwachitsitsa ngati mukupita kuchigayo ndi thumba. Khalanipo. Ikani chidendene pa pedulo, itsike pansi penipeni. Mwendo uwongoke. Mwaona? Wanuwu ndi wopindika, bondo ndiye likusenza zonse."

Anakweza chishalo ndi zala zitatu. Patatha sabata ululu unachepa, patatha masabata atatu unatheratu. Ndisanakumane naye ndinali nditayamba kumwa Brufen ndisananyamuke, kuti bondo likhale chete. Nditawauza adokotala anandikalipira ndithu. Mankhwala amtundu umenewo amatha kukweza BP, ndipo ukawaphatikiza ndi okodzetsa komanso thukuta la pa njinga, impso ndi zimene zimavutika. Sindinamwenso.

Mnyamata uja, atamva kuti ndikukonzekera kupita ku Karonga, anafunsa kuti, "Ndiye akulipirani zingati?" Nditati palibe, anaseka mpaka kugwira khoma. Ndipo sindikumuimba mlandu. Iye amapalasa tsiku lonse atanyamula anthu ndi katundu kuti ana adye, ine ndimafuna kupalasa kuti mlamu atseke pakamwa.

Tsopano ndifike pa Nkhata Bay. Kumapeto kwa Epulo ndinaona kuti ndakhwima, ndinanyamuka Loweruka m'mawa pa msewu wa M5. Mtunda wake sukwana bwinobwino makilomita 50. Mzuzu ali pamwamba, mamita opitirira 1,200 kuchokera pamene pamayambira nyanja zamchere, pamene nyanja yathu ili pa mamita osafika 500. Kusiyana kumeneko umakutsika pa njinga ngati mphatso. Timitunda tilipo, makamaka ukamayandikira, koma mbali yaikulu njinga imangodziyendera, mphepo ili kukupepesa kumaso, mitengo ili mbuu m'nkhungu, kenako kutentha kwa kunyanja kumayamba kukulandira cha ku Mpamba. Ndinafika nthawi ya kadzutsa isanathe. Ndinadya kondowole ndi batala, ndinajambulitsa chithunzi njinga ili m'mbali mwa madzi, n'kumutumizira mlamu pa WhatsApp ndi mawu akuti akonzeretu mpunga wa Kilombero.

M'kakope ndinalemba kuti makilomita 47, osatopa. Sindinalembe kuti pa makilomita amenewo, amene ndinapalasadi ndi miyendo yanga mwina sanafike ndi theka lomwe.

Ndinagona komweko kwa mnzanga. Neti inalipo koma inali yopinda m'kabati, kunali kotentha, ndinachita ulesi kuipempha. M'mawa ndinayamba kubwerera, ndipo walira mvula walira matope: matsitso a dzulo aja onse anasanduka zitunda. Ndinalimbana nazo mpaka dzuwa litakwera, kenako ndinaimitsa minibasi, njinga anaimangirira kumbuyo. Kunyumba ndinanena kuti tcheni chinavuta.

Patatha masiku 11 ndinadzuka thupi lili lophwanyika. Ndinati ndi kutopa. Tsiku lotsatira ndinapalasabe mpaka ku Dunduzu, ndikunjenjemera, n'kumadziuza kuti thukuta lichotsa chimfinecho. Apa ndi pamene wopalasa njinga amapusitsika mosavuta: kuphwanya kwa m'thupi, mutu ndi kufooka wazizolowera kale, ndiye malungo akabwera amabisala m'zovala za kutopa. Usiku umenewo ndinafunda mabulangete atatu mano akugundana. Mayi a kunyumba sanafunsenso maganizo anga.

"Inu bambo, mawa njinga imeneyi ndikaitsekera kwa aneba. Mukayezetse."

Anandibaya chala, timizere tiwiri tinatuluka. Anandipatsa LA, mapiritsi 4 m'mawa ndi 4 madzulo kwa masiku atatu, onse 24, ndipo anati ndizimwa nditadya chakudya cha mafuta pang'ono kapena mkaka kuti mankhwala alowe bwino m'thupi. Ndinamaliza onse, pamenepo sindinalakwitse. Tsiku lachitatu kutentha thupi kunatha, chilakolako cha nsima chinabwerera.

Kulakwa kwanga kunali kwa masamu. Ndinatsegula kakope n'kuwerenga kuti kwatsala masabata asanu kuti lifike tsiku la mu Juni limene ndinapangana ndi mlamu, ndipo ndataya kale sabata yathunthu. Ndinaganiza zobweza masiku otayikawo ngati ngongole. Patangopita masiku anayi chimalizireni LA, ndinamwa kapiritsi kanga ka BP, ndinamwa tiyi ndi kabanzi kamodzi, ndinatenga botolo limodzi la madzi, ulendo wa ku Ekwendeni.

Popita zinali bwino ndithu, chifukwa njira imeneyonso imakomera wochoka mu Mzuzu. Pobwerera, pa chitunda china chimene masabata awiri m'mbuyomo ndinkachikwera ndikuimba, miyendo inangoti zii, ngati ya munthu wina. Mtima unkagunda m'makutu. Ndinatsitsa giya mpaka yomaliza, osathandiza. Ndinaima kuti nditaye madzi. Nditangotsitsa mwendo pansi n'kuwongoka, kumaso kunachita mdima kuyambira m'mbali, ngati munthu akutseka makatani, ndipo phokoso la msewu linapita kutali.

Chimene ndikukumbukira kenako ndi fungo la fumbi ndi tomato. Ndinali chagada m'mbali mwa msewu, phazi limodzi lili m'sipoko, tayala lakutsogolo likuzungulirabe. Mayi wina wogulitsa tomato anali atandigwira mutu, akundipepesa mu Chitumbuka, "Phepani dada, phepani," uku akundikupiza ndi chitenje. Anandikokera pamthunzi, anaika miyendo yanga pa dengu lake lovundikira, ndipo mwana wake anathamanga kukatunga madzi. Chipewa changa cha njinga chinali chitang'ambika mbali imodzi pamene chinamenya mwala. Kuchokera pamene ndinagwa kufika pa phula panali sitepe imodzi yokha, ndipo msewu wa M1 umenewu ndi umene mumadutsa mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam. Ndikanagwera kumanja, bwenzi nkhani ino akulemba ndi ena.

Ku kiliniki anandiyeza BP nditagona, kenako nditaimirira, ndipo poimirira inkagwa kwambiri. Anayezanso magazi: anali pa 10, pamene mwamuna wamkulu amayenera kukhala pa 13 kapena kuposa. Adokotala anandifotokozera mosanyengerera. Tizilombo ta malungo timakhala m'maselo ofiira a magazi n'kumawaswa, ndipo maselo amenewo ndi amene amanyamula mpweya kupita ku minofu. LA amapha tizilombo m'masiku ochepa, koma sabweza magazi amene aonongeka. Thupi limawapanga lokha, ndipo zimatenga masabata. Pamwamba pa zimenezo, kutentha thupi kunali kutandiumitsa kale, ine n'kuwonjezerapo mankhwala okodzetsa, thukuta, ndi botolo limodzi la madzi.

"Munachira malungo, bambo," anatero, "koma simunabwerere mwakale. Ndi zinthu ziwiri zimenezo."

Kunyumba ndinakwiyira mapiritsi a BP, ndinati ndi amene andigwetsa, sindimwanso. Anzanga ena a kuntchito anandilimbikitsa, aliyense ndi mankhwala ake: adyo, mandimu, masamba akutiakuti owiritsa. Adyo ndi wabwino m'ndiwo, sindikukana, koma amene akukuuza kuti usiye mapiritsi sadzabwera kudzakutembenuza pa mphasa ukadzafa ziwalo. Mayi a kunyumba anandiperekeza okha kwa adokotala kuti ndikanene maganizo angawo pamaso pawo. Sanandisiyitse mankhwala, anandisinthira. Anandipatsa amlodipine, amene sakodzetsa. Nawonso ali ndi khalidwe lawo, madzulo akakolo anga amatupa pang'ono, koma chizungulire sichinabwerenso. Musatengere zanga n'kukagula amenewa pa famase, thupi lanu si langa. Chimene mungatengere ndi ichi: amene akukupatsani mankhwala adziwe kuti mumapalasa maola angati, pa dzuwa lotani. Ine poyamba ndinangonena za ulendo, sindinanene kuti ndimakhala pa njinga maola atatu ndi madzi a botolo limodzi.

Anandipatsanso mapiritsi owonjezera magazi, amene amadetsa chimbudzi, ndiye musadzadzidzimuke. Anati ndisamawamwere tiyi, chifukwa tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Kwa munthu wa mu Mzuzu, m'mwezi wa Juni, kumuuza kuti atalikirane ndi tiyi ndi chilango chenicheni. Pa mbale panga panachuluka nyemba, bonongwe, chisoso, usipa, ndi chiwindi kamodzi pa sabata, ndipo ndikatha kudya ndinkadya lalanje kapena nachesi.

Kuimbira mlamu foni kuti Juni walephereka kunandivuta kuposa kumwa mankhwala onsewo. Ndinazengereza masiku atatu. Nditamuuza, anangoti, "Alamu, Karonga sasamuka. Mukafera panjira mlongo wanga ndidzamuuza chiyani?" Munthu amene ndinkafuna kumuonetsa uja analibe nazo ntchito za tsiku. Tsikulo linali m'mutu mwanga mokha.

Ndinakhala masabata awiri osakhudza njinga, kumangoyenda wapansi mpaka ku msika n'kubwerera. Kenako ndinatsegula tsamba latsopano m'kakope, n'kulemba pamwamba kuti sabata 1. Izi ndi zimene ndikanachita poyamba paja: kuwerenga kuchokera pa tsiku limene ndadzuka, osati kuwerenga chobwerera kuchokera pa tsiku la ulendo. Sabata imeneyo ndinkapalasa mphindi 20 zokha pamalo athyathyathya. Zinali zochititsa manyazi, ana opita kusukulu ankandipitirira. Ndinkawonjezera pang'ono sabata iliyonse, ndipo sabata yachinayi ndinkabwerera m'mbuyo dala kuti thupi lipume.

Muyeso wa liwiro unali pakamwa. Ndikakumana ndi munthu wodziwana naye, ndiyenera kutha kupereka moni wonse, wa Chimalawi, wofunsa ndi kunyumba komwe, osadukiza mawu ndi wefuwefu. Ndikalephera, ndiye kuti ndathamanga, nditsitse giya. Muyeso wachiwiri unali wa m'mawa ndisanadzuke: zala ziwiri padzanja, kuwerenga kugunda kwa mtima kwa mphindi imodzi. Nditangochira malungo unkagunda mofulumira kuposa kale ngakhale nditagona. Pamene magazi ankabwerera, nambalayo inkatsika. Tsiku limene ndaipeza yakwera kuposa masiku onse, njinga inkagona m'nyumba. Wachitatu ndi wosayenera kukamba pagulu koma ndi wofunika: mtundu wa mkodzo. Ukafiira ngati tiyi wopanda mkaka, madzi achepa.

Za madzi ndi mchere zinandizunguza mutu. Kunyumba akuti chepetsa mchere, pa njinga thukuta likuchotsa mchere womwewo mpaka malaya kuyera m'khwapa. Adokotala anati masiku wamba lamulo la kunyumba likhalebe, koma tsiku loyenda maola ambiri pa dzuwa ndikhoza kusungunula paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi n'kumamwa pang'onopang'ono, mosinthanitsa ndi madzi wamba. Ndinaphunziranso kudya njala isanafike: nthochi, mbatata yophika, mtedza wosathira mchere, kachidutswa ola lililonse.

Mu Julaye anandiyezanso magazi, anali atabwerera m'malo mwake. Apo ndinadziikira mayeso awiri, ndipo ndinawauza mayi a kunyumba kuti akhale woweruza, chifukwa ndinali nditaona kuti ndekha ndimadzikondera. Oyamba: kupalasa masiku awiri otsatizana, maola anayi tsiku lililonse, n'kudzuka tsiku lachitatu ndili munthu. Ulendo wautali suvuta tsiku loyamba, umavuta m'mawa wa tsiku lachiwiri pamene matako akukana chishalo. Achiwiri: kukwera kuchokera ku Nkhata Bay kufika mu Mzuzu ndi miyendo yanga, popanda minibasi ndi bodza la tcheni.

Ulendo uno ndinachita mosemphanitsa. Ndinatsika pa minibasi madzulo, ndinagona mu neti imene ndinanyamula ndekha, ndipo ndinanyamuka kusanache. Zinanditengera maola opitirira sikisi. Malo atatu ndinatsika n'kukankha, ndipo sindinachite nazo manyazi, pakuti pamalo amodzi ndinakankha limodzi ndi bambo wina amene anali ndi matumba a makala pa kaliyala, tikucheza za mitengo ya feteleza. Nditaona nyumba zoyamba za mu Mzuzu, nkhungu ili pansi, ndinaima n'kuvala juzi. Mutu sunkapweteka, maso ankaona bwino. M'kakope ndinalemba makilomita 47 omwe aja, koma tsopano anali anga.

Tinanyamuka kumapeto kwa Ogasiti, mwera usanatheretu. Ndikuti tinanyamuka chifukwa mayi a kunyumba anaika lamulo lakuti ndekha sindipita. Ndinapangana ndi mnyamata wa Sacramento uja kuti ndimulipira ndalama zimene akanapeza masiku amenewo, kuphatikiza chakudya ndi thiransipoti yobwerera. Mwa ndalama zonse zimene ndinawononga, zimenezi ndi zimene sindidandaula nazo. Ulendo umene poyamba ndinkati wa masiku awiri tinaugawa patatu, makilomita 70 kapena kuposerapo pang'ono pa tsiku, kunyamuka kukungocha, kupuma dzuwa likafika paliwombo.

M'chikwama munali machubu awiri, zigamba ndi guluu, pampu, masipanala, neti, mapaketi a Thanzi, mankhwala a BP a masiku owirikiza kawiri m'kabotolo kosalowa madzi, ndi kabuku kanga ka kuchipatala. M'thumba la malaya ndinaikamo kapepala kolemba dzina la mankhwala amene ndimamwa ndi nambala ya kunyumba, ndipo mnzangayo ndinamuuza zochita ndikagwa. Tsiku lija pa msewu wa ku Ekwendeni, mayi wa tomato sakanadziwa ngakhale woti amuimbire. Tinavalanso malaya owala, ndipo tinagwirizana kuti galimoto yaikulu ikalira kumbuyo, ife titsike pa phula osakangana nayo.

Tsiku loyamba tinadutsa Ekwendeni ndi Bwengu, tinagona cha ku Phwezi. Pamalo pamene ndinagwera ndinayang'ana mayi uja koma panalibe, tsikulo pankagulitsa mtsikana wina. Tsiku lachiwiri ndi la Chiweta. Aliyense amakuopseza ndi matsitso ake, koma usanawafike pali chitunda choti ukwere kaye, ndipo ndinachikwera theka pa njinga, theka wapansi. Pamwamba nyanja imangotulukira yonse nthawi imodzi, mapiri a ku Tanzania ali tsidya. Kenako msewu umagwa mokhotakhota. Mnzanga anandichenjeza kuti ndisafinye mabuleki mosalekeza, malimu amatentha mpaka chubu kuphulika, ndizigwira n'kusiya, ndipo tiziima kuti azizire. Pamalo ena ndinakhudza limu ndi chala, ndinachichotsa msanga. Anyani anali m'mbali mwa msewu kutiyang'ana ngati akudziwa amene ali ndi nthochi.

Pa Chitimba, pamene pamapatukira msewu wokwera ku Livingstonia, mnyamata uja analoza phiri n'kunena kuti, "Madala, tikwere kaye tikaone kwa Robert Laws?" Ndinamuuza kuti ndalama zake zithera pomwepo. Tinagona ku Chilumba. Usiku umenewo miyendo inakokana kawiri, ndinadzuka n'kuiwongola nditagwira khoma, n'kumwa Thanzi wotsala.

Tsiku lachitatu njira ndi yathyathyathya koma kutentha ndi kwina. Pofika pa Ngara, fungo la nsomba zoyanika lili ponseponse, ndinamva kamutu kakuyamba ndipo moni unayamba kudukiza. Panali patatsala pang'ono, ndipo munthu wa mu Meyi uja akanati timalize. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango maola awiri, ndinamwa madzi, ndinadya, ndinagona pang'ono chipewa chili kumaso. Tinalowa mu Karonga dzuwa litapendeka.

Mlamu anatilandira ndi mbalaga ndi mpunga uja. Anayang'ana mimba yanga, anatsegula pakamwa, mkazi wake anamuponda phazi. M'mawa mwake ndinapita kukayezetsa BP pa kiliniki ina ya pafupi, inali 132/84, ndinalemba m'kakope. Pobwerera tinakwera basi, ndipo kondakitala anatilipiritsa njinga iliyonse pafupifupi theka la mtengo wa munthu. Mnyamata wa Sacramento anakangana naye kuyambira pa depoti mpaka pa Uliwa, ine ndinali nditagona kale.